Amalume Anga a Madebe Anayi

Anzanga, mukandiona ndikugula palafini wa botolo limodzi lokha musamati ukalamba wandiumitsa manja. Pali chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili ndi manda ake konkuno ku Chilobwe.

Inali nthawi ya Chitaganya, azungu ataphatikiza dziko lathu ndi mayiko ena awiri, ine ndikugula ndi kugulitsa zakutha pamsika wa Limbe: mabotolo, matumba, mphasa, maloko opanda makiyi, makiyi opanda maloko. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha pa nyuzipepala zakale zokulungira katundu, moti nkhani za dziko lonse ndinkazidziwa, kungoti zinkandipeza zitachedwa miyezi iwiri, zina zitang'ambika pakati. Koma pa zonenerera mtengo panalibe wondiposa. Eni masitolo akandiona ndikulowa ankayamba akoka mpando, podziwa kuti lero tikhalitsa.

Chaka chimenecho, mvula isanagwe, kunamveka kuti azungu ayambana ndi anthu a ku Iguputo chifukwa cha ngalande ina yodutsamo zombo, ndipo ngalandeyo yatsekedwa. Ife tinaseka. Amuna akuluakulu a ndevu zawo, kumenyanirana ngalande ngati alimi a kudimba? Sitinaseke nthawi yaitali. Tinangoona magalimoto atandandana pothirira petulo, ndipo m'masitolo munalowa mawu atsopano akuti botolo limodzi munthu mmodzi. Palafini yense wa m'nyali zathu ankabwera pa chombo mpaka ku Beira, kuchoka apo nkukwera sitima kudzatsikira ku Limbe. Tangoganizani, anthu amenyana kudziko la Farao, koloboyi nkuzima ku Chilobwe.

Boma linati tisade nkhawa. Wailesi ya pasitolo inkanena kuti mafuta alipo okwanira bola tigwiritse ntchito mosamala, komanso kuti ku Kariba akumanga damu lalikulu limene lidzawalitse mayiko onse atatu. Ine ndinali nditakhalitsa pamsika, ndinkadziwa kuti wogulitsa akayamba ndi mawu akuti usade nkhawa, imeneyo ndiye nthawi yosuzumira pansi pa dengu. Za magetsizo, mawaya ankadutsa kale pamwamba pa madenga athu kupita kumayadi, phindu lathu linali loti mbalame zapeza potera. Kunamvekanso kuti wopezeka ndi palafini wambiri amulanda ndi kumutsekera. Pepala la lamulolo sindinalione, amene anandiuza sanalione, koma tonse tinalikhulupirira kuposa wailesi ija.

Kwathu nkhaniyi sinali ya nyali yokha. Akazi anga, mayi a Rute, ankaphika tiyi pa pulaimasi nkumagulitsa kwa anthu omanga nyumba ku Soche, ndipo kunena zoona tiyi ameneyo ndiye ankatidyetsa, maloko anga aja ankangothandizira. Palafini akatha, malondawo atha. M'nyumba munatsala botolo limodzi. Ndiye m'mawa wina ndinaimirira pakhomo, dzanja pachifuwa, nkuwalonjeza kuti pulaimasi yawo siizima ine ndili moyo. Iwo anangondiyang'ana mmene amayang'anira mkaka akamaukayikira.

Mlamu wanga Fulansisko, mchimwene wa akazi angawo, ankanyamula katundu pasiteshoni ya sitima, ndipo zonse zolowa ndi kutuluka mu Limbe zinkadutsa pamapewa kapena m'makutu mwake. Iye ndiye anandinong'oneza za bambo wina wa kuseri kwa siteshoni amene anagula madebe a palafini mavutowa asanayambe. Tinapita. Bamboyo ndalama anakana, anati masiku ano ndalama siyaka. Maso ake anali pa njinga yanga.

Apa ndiye ndinaonetsa luso langa, ndipo mpaka lero sindichita nalo manyazi. Iye anati madebe awiri. Ine ndinamasula belu nkuika m'thumba, ndinachotsa pampu, ndinachotsa kaliyala, ndinati madebe awiri ndi a njinga yamaliseche iyi, zovala zake tikambirane pazokha. Tinalimbana kuyambira dzuwa likutuluka mpaka mithunzi kufupika, katatu konse ndikunyamuka ngati ndikupita, iye akundibweza. Pomaliza anagonja pa madebe anayi odzaza, osatsekula. Tinagwirana chanza, ndinabwezera belu, pampu ndi kaliyala, iye nkukwera njinga ija kukaiyesa, ine nkutsala ndikudzimva ngati ndagula doko lonse la Beira.

"Alamu," anatero Fulansisko, "nanga tinyamulira chiyani?"

Belu linkamveka likulira chapatali, likukhota pakona.

Basi sitikanakwera, fungo likanatiulula tisanakhale pansi. Kusenza pamutu nakonso ayi, debe latsopano limanyezimira ngati galasi, munthu wa ku Ndirande akanationa. Koma mutu ndinali nawo. Ndinathamangira pamalo panga pamsika nkutenga mphasa yakale, nsungwi ziwiri, luzi ndi bulangete lotuwa. Tinandanditsa madebe anayi aja motsatizana, tinawakulunga m'mphasa, tinamanga kumutu, pakati ndi kumapeto, tinagoneka mtolowo pa nsungwi nkufunditsa bulangete. Maganizo anga anali oti tioneke ngati anthu osamuka. Fulansisko anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, anapendeka mutu, nkunena kuti chinthuchi chikufanana ndi china chake. Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi kunyamula, kuganiza andisiyire ine.

Tinanyamuka, iye kutsogolo ine kumbuyo. Tinkayenda pang'onopang'ono kuti palafini asakhuvuke, mitu ili pansi chifukwa cha kulemera, osayankhulana chifukwa cha mantha. Inu amene mukumva mwaona kale chimene ine sindinachione.

Tisanatuluke n'komwe mu Limbe, bambo wina anatsika panjinga nkuvula chipewa. Patsogolo pang'ono amayi atatu anatula mitolo yawo nkugwada m'mbali mwa msewu. Kodi mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinaganiza kuti mbiri ya malonda anga a m'mawa uja yafika kale, anthu ayamba kundipatsa ulemu wondiyenera. Ndinagwedezera mutu amayi aja mofatsa, ngati bwanankubwa.

Cha ku Kanjedza ndiye amuna awiri anachoka pamthunzi, osanena kanthu, nkudzalowetsa mapewa awo pansi pa nsungwi. Ine ndi Fulansisko tinangopezeka tili manja lende. Apo ndi pamene mutu wanga wanzeru uja unatseguka. Kwathu kuno munthu wonyamula maliro sasiyidwa kuti atope. Mwamuna aliyense wokumana nawo, kaya akudziwa womwalirayo kaya ayi, amalandirako ngakhale mtunda wochepa, wina nkudzamulandira, ndipo mwini maliro sakana, kukana ndi chipongwe chachikulu. Palafini wanga anali atalowa m'manja mwa mtundu.

Ndinatsekula pakamwa kuti ndifotokoze, ndipo ndikanafotokoza, Mulungu ndi mboni. Koma pomwepo, pamphambano, panaima wapolisi wamtali, atavula chisoti nkuchigwira pachifuwa. Anasendera pafupi nkundifunsa ndi mawu achifundo amene sindinkadziwa kuti apolisi amakhala nawo.

"Pepani bambo. Ndani watisiya?"

Ndinayang'ana Fulansisko. Fulansisko ankayang'ana mitambo.

"Amalume," ndinatero.

Wapolisi uja anapukusa mutu, anati nayenso analeredwa ndi amalume, ndiye atiperekeza kuti aziimitsa malole. Fulansisko anati iye atsogole akadziwitse abale, nkulowa kanjira ka m'tchire. Ndinadzamuonanso patapita sabata ziwiri. Koma uthenga unapitabe, chifukwa bambo wina wapanjinga anandifunsa kumene maliro akulowera, ine mopusa nkutchula Chilobwe ndi nyumba yomwe, iye nkupalasa ngati akuthamangitsidwa.

Kuchokera apo gulu linkangokula. Omanga nyumba anasiya njerwa, ogulitsa nzimbe anasiya nzimbe, amayi ena ochokera kuchigayo analowa pambuyo ndi ufa wawo pamutu nkuyambitsa nyimbo. Onyamula ankalandirana mwaulemu, koma aliyense akalowetsa phewa, mkati mwa mphasa munkamveka khuvu, khuvu. Ndinaona akuyang'anizana. Koma mayi wina wachikulire anawamasulira kuti amenewo ndi matenda a madzi m'mimba, malemu amuna ake ankamveka chimodzimodzi. Za fungo, bambo wina amene anati anagwirapo ntchito yochapa kuchipatala anatsimikiza kuti ndi mankhwala amene madokotala amathira kuti thupi lisaonongeke. Wina anadandaula kuti phewa lake lakhudza chinthu cha ngodya, anamuuza kuti malemu anaonda, amenewo ndi mafupa. Ine sindinanamenso bodza lina, anthu ankandinamira okha, mwaulere.

Tikukwera chitunda cha ku Soche, dzuwa lili pamutu, ndinaona dontho likutsika kumapeto kwa mphasa, kenako lina. Debe limodzi linali litayamba kuchucha. Ndipo pambali penipeni pa madonthowo pankayenda nkhalamba ina ikusuta fodya wopichira m'khoko la chimanga, moto wake uli psuu. Sindikudziwa mmene ndinadumphira. Ndinangopezeka ndamenya dzanja la munthu wamkulu ngati bambo anga, fodya ali pansi, ine ndikumupondaponda ndi mapazi onse awiri nkumakuwa kuti amalume sankagwirizana ndi fodya. Amuna atatu anandigwira. Anapepesa nkhalamba ija kuti indikhululukire, chisoni chandizunguza mutu. Ndipo misozi inatulukadi, yeniyeni, mpaka kunyowetsa malaya. Anthu anati sanaonepo munthu wokonda amalume ake chotere. Ine ndinkalira njinga.

Njira yonse ndinkakonza mapulani. Ndinati tikafika ndiwathokoza pakhomo, ndiwauza kuti thupi linyamuka mawa kupita kumudzi, iwo abalalika, ine nditseka chitseko. Kodi munaonapo anthu akubalalika pamaliro chifukwa awathokoza? Titakhota kulowa kwathu ndinapeza masamba atayalidwa kale pamsewu, mipando yatulutsidwa panja, amayi a mpingo adzaza khonde, amuna akoleza moto waukulu pabwalo, ndipo onyamula aja anadutsitsa amalume pafupi ndi motowo moti ndinatseka maso nkuyamba kulapa machimo. Kuseri kwa nyumba ndinamva phokoso limene ndinkalidziwa bwino. Inali pulaimasi, ikuwiritsa tiyi wa anthu olira, ndi botolo lathu lomaliza lija.

Mayi a Rute anatuluka atamanga chitenje m'chiuno, m'maso muli gwa. Anadzagwada pafupi nane ngati akundipepesa, nkuyankhula motsitsa kuti ndimve ndekha.

"Amalume anu ake ati? Omwe aja tinakaika ku Chiradzulu chaka chobadwa Rute? Amwaliranso?"

Ndinakanda m'mutu.

"Nanga njinga ili kuti?"

Ndinaloza mphasa ija ndi mlomo. Iwo anayang'ana, anakoka mpweya kamodzi, mphuno ya munthu wa pulaimasi sinama. Anaika manja kumutu nkulira maliro amene sanamvekepo ku Chilobwe, moti amayi a mpingo anachita kuwagwira.

Mtolo uja anaulowetsa m'nyumba. Kenaka anabwera a Namakhwa, mkulu wa mpingo wathu, munthu wosathamanga poyankhula, ali ndi akuluakulu ena awiri, beseni ndi sopo. Anati nthawi yatha, kukutentha, asambitse thupi, pakuti adzukulu, anthu okumba manda aja, anapita kale kumanda uthenga utangofika.

Apa ndinayamba kunenerera kuposa mmene ndinanenererapo pamsika. Ndinati amalume ankaopa madzi. A Namakhwa anati akufa saopa kanthu. Ndinati kwawo kwa amalume mwambo wake sasambitsa. Anafunsa kuti kwawo nkuti kumene kuli kosiyana ndi kwathu, popeza ndi alongo awo a mayi anga. Ndinati chabwino, ndisambitse ndekha, iwo adikire panja. Anati mwini maliro sagwira ntchito imeneyo, nanga iwo abwerera chiyani. Ndinatsika mpaka kupempha kuti asambitse mbali ya kumiyendo yokha, ngati kuti debe la kumiyendo linali ndi zala. Pawindo ndinkaona wapolisi uja atakhala pampando wanga, akupemerera tiyi. Kunena zoona kunali ndende, kukhala chete kunali kuika njinga yanga m'manda. Ndisanasankhe, luzi linali litadulidwa.

Mphasa inatambasuka. Madebe anayi, ali ndandanda, akunyezimira.

A Namakhwa anaika sopo pansi mosamala, anagwada, nkugogoda debe lililonse ndi chala, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, akutchera khutu. Atatha anapukuta chala pa thalauza.

"Bambo a Rute," anatero, "ndasambitsa anthu ambiri pamoyo wanga. Awa ndi oyamba kukhala ndi zotsekera zinayi."

Mkulu wina anathawira pakona nkudziluma mkono kuti asaseke pamaliro. Ine ndinafotokoza zonse, za ngalande, za Beira, za lamulo, za belu ndi pampu. A Namakhwa anamvetsera mpaka kumapeto, nkunena kuti za Iguputo akuzimva, amaziwerenga m'Baibulo, koma panja pali anthu amene asiya ntchito zawo, apweteka mapewa, ena ataya misozi imene akanaisungira abale awo, ndipo kumanda dzenje lafika m'chiuno. Ndinayesa kuwapatsa debe limodzi kuti nkhaniyi ithere m'nyumba momwemo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ndinakweza, awiri. Ine amene ndinkatsitsa mitengo ya anthu, tsiku limenelo ndinkakweza ndekha popanda wondiumiriza.

Anatuluka, anaimika nyimbo ndi dzanja, nkulengeza kuti mwambo wasintha pang'ono, ndipo akuluakulu aja anatulutsa malemu mmodzimmodzi nkuwaika pakhonde. Kenaka nkhalamba ya fodya ija inayamba kuseka mpaka kutsokomola, ndipo bwalo lonse linagwa nalo phwete. Mayi wa matenda a madzi m'mimba uja yekha ndiye sanaseke, anati iye ankakayikira kuyambira ku Kanjedza.

Ine maso anali pa wapolisi. Anaimirira, anavala chisoti, anabwera. Ndinatambasula manja kuti amange. Iye anawayang'ana nkundifunsa kuti ndikufuna chiyani. Nditatchula za lamulo lija anati iye sanalimvepo, mwina lili ku Zomba, silinafike. Kenaka anatsitsa mawu nkufunsa ngati m'nyumbamo mungapezeke kabotolo kopanda ntchito, poti kwawo nyali inauma masiku atatu apitawo.

Chigamulo cha a Namakhwa chinali chachifupi: wanyamula maliro sabwerera chimanjamanja. Anthu anathamangira m'makomo kukatenga mabotolo, ambiri mwa iwo ogula kwa ine ndemwe, nkundanda kuyambira pakhonde mpaka kumsewu, ndendende mzere wa pothirira petulo uja. A Namakhwa anakhala pampando ndi fanulo, botolo limodzi munthu mmodzi, wamapewa otupa patsogolo, oimba pambuyo. Zimene boma linkavutika nazo pa wailesi, mkulu wa mpingo anazitha masana amodzi, popanda pepala. Ndinaona anthu ena pamzerepo amene sindinawaone panjira, koma nditadandaula anandiuza kuti iwo analira chamumtima.

Debe lachinayi linapita lathunthu kwa adzukulu, ndipo nkhani yawo sinathere pomwepo. Manda akakumbidwa sagona opanda kanthu, amati dzenje lotere limaitana munthu. Pakasowa thupi amaikamo thunthu la nthochi. Ndiye anadula nthochi yanga ya kuseri kwa nyumba, imene inali ndi mkoko woti upsa mwezi womwewo, anaikulunga m'mphasa yomwe ija, nkuinyamula pa nsungwi zomwe zija. Ine anandiika patsogolo monga mwini maliro. Ndinaponya dothi loyamba. Wina kumbuyo anafunsa ngati banja lili ndi mawu, a Namakhwa anati banja layankhula zokwanira lero.

Zotsalira m'madebe titazikhuthulira pamodzi zinadzaza pulaimasi kawiri. Tsiku lachitatu inazima, ine ndili moyo. Mayi a Rute sanandikumbutse lonjezo lija, anangondipatsa nkhata ndi chingwe. Kuyambira pamenepo tiyi ankaphikidwa pa nkhuni, ndipo wokatola nkhunizo kuseri kwa phiri m'mamawa uliwonse, nkuzisenza pamutu kudutsa pamaso pa anthu onse amene anandinyamulira amalume, munthu wake mukumudziwa. Ndikatula nkhuni ndiye ndiyambe wapansi kupita ku Limbe.

Sipanapite nthawi yaitali, sitima inabwera ndi palafini, masitolo anadzaza, mawu a botolo limodzi aja anaiwalika. Ngalande ija akuti anadzaitsekula, ndinawerenga mochedwa monga mwa masiku onse, pa pepala lokulungira usipa. Magetsi a ku Kariba ndikuwadikirabe. Bambo wa kuseri kwa siteshoni uja ankandipitirira pamsewu tsiku ndi tsiku, ndipo poti anali munthu waulemu, sankalephera kundiimbira belu.

Madebe atatu anatsala pakhomo, otungira madzi, ndipo akazi anga sanawatchulenso madebe. Ankangoti, "Bambo a Rute, tengani amalume anu mukawamwetse kumpopi."

Ndiye ndinalumbira kuti kaya atseke ngalande, kaya atseke nyanja yeniyeniyo, ine ndidzagula botolo limodzi, likatha ndidzagona nthawi imodzi ndi nkhuku. Ndipo chilichonse chotalika kuposa mkono sindikulunganso m'mphasa. Koma kulumbira kwanga sikunabweze chikhulupiriro cha anthu. Adzukulu a ku Chilobwe anandiuza kale, pamaso pa a Namakhwa, kuti tsiku langa likadzafika sadzagwira khasu mpaka wina atabwera kudzandigogoda kaye.